Chaka Chimene Anazula Nsenjere za aLuwisi

Anthu kuno ku Nchema amachitchula chaka cha ng'amba, chifukwa mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Ine ndimachikumbukira mwina. Kwa ine ndi chaka chimene ndinasiyana mawu ndi abale anga chifukwa cha udzu. Inde, udzu. Sekani, nawonso anayamba ndi kuseka.

Ndiyambe ndi amuna anga, aLuwisi. Anali mkamwini kuno, kwawo kunali ku Phalombe. Mulungu anatipatsa ana atatu, onse aamuna. Mwana wamwamuna kwathu kuno sakhalitsa, akamera ndevu amakamanga kwa mkazi wake. Wina ali ku Zomba, wina ku Thyolo, wotsiriza anapita ku Joni. Adzukulu ndili nawo, koma ndi a midzi ya eni.

ALuwisi atakula analowa gulu la alimi a ng'ombe za mkaka. Lamulo la gululo linali lakuti munthu sapatsidwa ng'ombe asanamange khola ndi kubzala nsenjere zoti izidya. Ndiye anapalasa njinga kupita kwa mnzawo ku Mpama, nabwera ndi mtolo wa nsenjere zokhwima atamanga pa kaliyala. Anaziduladula, nabzala munda wanga wonse wa kumunsi, uja wotsetserekera ku chigwembe. Ng'ombe itabwera, yamawanga akuda ndi oyera, munthu uja anasintha. Kukacha, moni woyamba unkapita kukhola, ine wachiwiri. Tsiku lina ndinawauza kuti, "Abambo, ife ndife Akatolika, koma inu mwandichitira mitala ndikuona." Anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira pamenepo ng'ombe ija dzina lake linakhala Mitala.

Anamwalira m'nyengo yozizira, chaka cha ng'amba chisanayambe. Abale awo anabwera ndi galimoto, nanyamula maliro kukaika kwawo. Ndinapita, ndinalira, ndinabwerera. Ku Phalombe ndi kutali kwa munthu wa mawondo ngati angawa. Kuno anandisiyira ng'ombe ndi udzu wake. Tinatsala akazi awiri amasiye pakhomo limodzi, wina m'nyumba, wina m'khola.

Okutobala

Dzuwa la chaka chimenecho linkaswa mtengo ndithu. Anthu anali kugalauza mizere fumbi likuwalowa m'mano. Ndi mwezi umenewu pamene Vero anabwera kuchokera ku Bangwe. Vero ndi mwana wa malemu achemwali anga aakulu. Ukwati unamuthera m'tauni, ndiye anatsika pa Njuli ndi ana atatu ndi thumba la mapoto. Analowa m'nyumba ya mayi ake, yomwe denga lake linali litabooka kale.

Patapita masiku ochepa kunabwera achimwene anga, aDamiyano, amene ndi mwini mbumba wathu. Ndi munthu wa nthabwala, sabwera ndi nkhope ya milandu. Anakhala pakhonde, navula chipewa, nadzipepesa nacho.

"Achemwali, madzi alipo? Dzuwa ili likufuna kutiwotcha tisanafike n'komwe kwa Satana."

Ndinawapatsa. Anamwa, napukuta kukamwa, kenako anati, "Ndabwera za tsala lija la kumunsi."

"Tsala liti?"

"Lija lamera tchire."

"Si tchire, achimwene. Ndi nsenjere. Zobzala ndi manja."

"Kubzala udzu!" anatero akugwedeza mutu. "Alamu anga aja, Mulungu awalandire, anali munthu wabwino, koma apa anatiseketsa. Udzu amabzala ndi Mulungu, ife ntchito yathu ndi kuupalira."

Mumve bwino, inu a kutali. Kuno ku Chiradzulu malo ndi ochepa, anthu tathithikana ngati mbewu za papaya. Munda si wa munthu mmodzi, ndi wa mbumba, ana aakazi a mimba imodzi. Amene akuulima ndiye mwini wake. Koma ukausiya n'kumera udzu, wanena wekha kuti sukuufuna, ndipo mwini mbumba amaupereka kwa wina amene alibe. Ndi mmene tinapezera, ndipo palibe anaonapo cholakwika. M'mbumba mwathu munalibe amene anawetapo ng'ombe ya m'khola. Kwa iwo chimanga ndi mbewu, nandolo ndi mbewu, udzu ndi umboni wa ulesi.

"Nanga Mitala adya chiyani?" ndinafunsa.

"Akadye ku dambo ngati ng'ombe zinzake."

"Dambo lake liti? Lija ladzaza tomato ndi kabichi mpaka m'madzi? Ndipo ng'ombe iyi siyenda, imadyera m'khola."

"Ndiye ng'ombe yachizungu idye mpunga," anatero, naseka okha. Kenako anatsitsa mawu. "Achemwali, mwana uja Vero ali ndi pakamwa patatu. Munda wa mayi ake tinagawira ang'ono ake iye ali m'tauni. Mukufuna ndimuuze kuti malo alipo koma agona udzu?"

Mwana wa mchemwali wako ndi mwana wako. Komanso ine wobereka amuna okhaokha, ndikadzafa munda uja ukanapita kwa Vero yemweyo. Tinagwirizana kuti chaka chino atenge theka la kumunsi, theka la kumtunda litsale kwa ine, ndipo tikakolola adzatenga wonse.

Vero anayamba kuzula. Amene sanazulepo nsenjere sadziwa. Chitsa chimodzi chimakula ngati lichero, mizu yake yolukana ngati tsitsi losapesa. Ankakumba, kutukwana, kukumbanso. Chitsa chikazuka ankachigubuduza mpaka kumapeto a munda n'kuchikankhira m'chigwembe. Chigwembe chimenecho n'chakuya, chinakumbidwa ndi madzi a mvula, m'mbali mwake muli minga yokhayokha. Ine ndinali ndisanatsikemo zaka zambiri.

Sindinapite kukaonerera. Ndinkakhala kukhola n'kumamva khasu: khu, khu, khu. Mitala ankatafuna zake, osadziwa kuti ndi mbale yake imene ikusweka.

Disembala

Mvula yobzalira inagwa bwino, moti tinati chaka chino tapulumuka. Vero anabzala chimanga ndi nandolo m'theka lake. Ine ndinabzala kamunda ka kuseri kwa nyumba, kenako ndinabwerera ku nsenjere zanga.

Ubwino wa udzu umenewu ndi wakuti sufuna kubzala chaka ndi chaka. Mvula ikangoupatsa moni, umadzuka pa chitsa chomwecho. ALuwisi anandiphunzitsa kadulidwe kake. Umadikira ufike m'chiuno. Umadula ndi chikwakwa, koma osametera pansi, umasiya chitsa chotalika ngati chikhatho. Ukatero umabweza ndowe za m'khola n'kuthira patsinde. Ankati, "Ng'ombe imadya udzu, udzu umadya ng'ombe, ife timangonyamula." Masamba ake amacheka ngati lumo ndipo ali ndi ubweya woyabwa. Manja anga mpaka lero ali ndi mizere yake.

Mitala anali ndi bere, ndiye mkaka ndinali nditasiya kukama. Pakhomo panalibe cholowa. M'mawa ndinkadula udzu, kusenza, kuuwaza ndi chikwanje tizidutswa, kutunga madzi. Ng'ombe ya mkaka imamwa ngati ukuthira m'dzenje. Madzulo ndinkakhala pa chitsa cha mango pafupi ndi khola n'kumamuuza nkhani za tsikulo. Ng'ombe ndi mlendo wabwino, siidula munthu mawu.

Vero tinkakumana m'malire. "Mwadzuka bwanji, amayi aang'ono?" "Ndadzuka, kaya iwe ndi ana?" Basi. Iye ankaona udzu wanga utaima pa malo oti pakanakhala chimanga. Ine ndinkaona chimanga chake chitaima pa malo a aLuwisi.

Januwale

Itangotha Khirisimasi mvula inatseka chitseko. Mitambo inkasonkhana pa phiri la Chiradzulu masana, ife n'kuchotsa zovala pa chingwe, koma pofika madzulo kumwamba kuli mbee. Chimanga chinapota masamba ngati anyezi. Mbozi zija za ntchemberezandonda nazo zinalowa m'mitima ya chimene chinatsala. Ku tchalitchi tinapempherera mvula, ku mzikiti nakonso anapempha. Wina anati kuli munthu ku Mpama amene wamanga mvula chifukwa njerwa zake sizinawotchedwe. Wina anati ayi, pa wailesi anena kuti ndi mphepo ya kunyanja zakutali. Mvulayo sinamve onse awiri.

Nsenjere sizinafe, mizu yake imapita kutali. Koma zinasiya kuthamanga. Kale, munda uli wonse, ndinkayamba kudula kumtunda, pofika kumunsi kumtunda kuja kwameranso. Tsopano theka linkatha msanga, ndipo ndinkabwerera poyambira udzu usanafike m'mawondo. Ndinkadula ndikupepesa.

Febuluwale

Mwezi uwu sindiufuna ngakhale m'zaka zabwino. Chimanga pa Njuli chinkakwera mtengo m'mawa ndi madzulo, ndipo ogulitsa anasiya ndowa n'kuyamba kuyezera m'timbale. Ku depoti yogulitsira chimanga anthu ankapita kukagona pa mzere n'kubwerako ndi matumba opanda kanthu. Kunamveka kuti kukubwera chimanga cha thandizo, kenako kunamveka kuti chapita ku Nsanje. Ena anapita kukagwira ganyu ku Mozambique. Amayi anakumbukira kalongonda, nyemba zija zofuna kuphika tsiku lonse ndi kutaya madzi kambirimbiri. Ena ankawiritsa mango aawisi. Madeya, amene kale tinkapatsa ziweto, anasanduka chakudya cha anthu.

Ine ndinali ndi kathumba ka madeya kamene aLuwisi anasunga pa denga la khola. Ndinkapatsa Mitala kambale kamodzi patsiku chifukwa cha bere lija. Inenso ndinkaphika phala la madeya omwewo. Tinkadya mbale imodzi ngati akazi a mwamuna mmodzi enieni.

Tsiku lina aDamiyano anabwera ndi Che Amidu, amene amapha ng'ombe ndi mbuzi pa msika wa Njuli. Miyezi imeneyo Che Amidu ankayenda m'midzi ndi chingwe paphewa, poti aliyense ankagulitsa chiweto kuti agule ufa. Vero anawatsatira, mwana wake wamng'ono, Takondwa, ali kumbuyo.

Che Amidu anazungulira khola, nagwira Mitala pamsana. "Mama, ng'ombe iyi idakali ndi thupi. Lero nditha kukupatsani zooneka. Mbumba yonse idya mpaka kukolola."

"Ili ndi bere," ndinatero.

"Ndaona. Ine sindikonda kupha ya bere, koma ndili ndi munthu ku Limbe amene angaisunge."

"Sindigulitsa."

ADamiyano anati, "Achemwali, ganizani bwino. Kodi pa maliro anu idzaimba kwaya ndi ng'ombeyi?"

"Mwina idzalira kuposa ena," ndinayankha.

Apo Vero analankhula. Sanakweze mawu, ndipo n'chifukwa chake anandilasa. "Amayi, ana anga dzulo agonera mango owiritsa. Ndadutsa pano m'mawa, ndaona ng'ombe ikunyambita madeya."

Ndinayang'ana Takondwa. Tsitsi lake linali litayamba kufiira, timiyendo ngati timitengo ta nandolo. Ndinakwera pa mtondo, n'kutsitsa kathumba kaja, n'kukaika pamapazi a Vero. "Tenga onse. Koma ng'ombe ikhala. Ikabereka mwezi wamawa kudzakhala mkaka. Nyama mudya mwezi umodzi, kenako mudzadya chiyani?"

"Mwezi wamawa," anatero Vero, ngati akulawa chinthu chowawa. Ananyamula thumba napita.

Che Amidu anakulunga chingwe chake mosapsa mtima. "Palibe kanthu, mama. Koma ndaona udzu wanu. Theka limenelija silikufikitsani ku mvula ina. Ndidzabweranso mu Ogasiti. Kungoti nthawi imeneyo ndidzakhala ndikugula mafupa."

Kuchokera tsiku limenelo njira ya kwanga inamera udzu. Amayi a ku mphakati, amene tinkapemphera limodzi Lachinayi, ankandipatsa moni wa pakamwa pokha. Ku mjigo ndikafika, nkhani inkatha. Ndinamva kuti akuti ndine mayi wokonda nyama kuposa mwana wa munthu. Sindinawakwiyire kwambiri, chifukwa nanenso funso lomwelo linkandidya. Takondwa akanafa mwezi umenewo, ndikanayankha chiyani? Ndinafunsa Mitala. Anangondiyang'ana, n'kupumira mpweya wofunda m'manja mwanga.

Malichi

Mvula inabwerera itachedwa, ngati mlendo wofika maliro ataikidwa. Chimanga chinali chitapita kale. Koma nsenjere zinaimwa, zinadzuka, ndipo kwa kanthawi Mitala anakhuta.

Anabereka m'mawa wina ndikuchokera ku mjigo. Ndinapeza kamwana kali chinyowere, mayi ake akukanyambita. Kanali kamphongo. ALuwisi akanadandaula, poti mlimi wa mkaka amafuna kamsoti. Ine ndinagwada pa ndowe pomwepo n'kunena Tikuoneni Mariya. Ndinatembenuka kuti ndiuze munthu, koma panalibe woti ndimuuze.

Masiku a mkaka woyamba, wachikasu uja, atatha, ndinakama, ndinawiritsa, n'kuthira m'kapoto kabuluu. Ndinali nditamva kuti Takondwa anapita naye kuchipatala cha pa Njuli, kumene anamupatsa chiponde cha ana onyentchera. Ndinafika pakhomo pa Vero. "Odi!" Zii. Koma utsi unkatuluka pa denga, ndipo ndinamva mwana akutsokomola. Ndinaika kapoto pakhonde n'kubwerera.

Madzulo ndinakapeza pakhomo panga, kotsukidwa bwino, kovundikira.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Kapoto kankapita kodzaza, kankabwera kopanda kanthu. Kapoto ndi kamene kankayenderana, ife eni ake ayi. Mkaka wotsala ankadzautenga wa kabaza kupita nawo kumene gulu limasonkhanitsira, ndipo kumeneko ndi kumene kunkachokera kaufa kanga ndi kamchere.

Meyi

Kukolola kwa chaka chimenecho kunalibe nyimbo. Munthu ankalowa m'munda ndi dengu n'kutuluka nalo pansi pakuoneka. Vero m'theka lake lija anapeza tizitsononkho tokhala ndi maso apa ndi apo, ngati mano a nkhalamba. Thukuta lonse la kuzula zitsa lija linathera pamenepo. Sindinasangalale nazo, ndikunena zoona. Ndinamuona atakhala pa mzere, manja ali m'masaya, ndipo miyendo yanga inafuna kupita. Koma ndikananena chiyani chimene sichikanamveka ngati ndikumuseka?

Zaka zabwino ndinkatola mapesi m'minda n'kuwaunjika pa thandala kuti Mitala adzadye m'chilimwe. Chaka chimenecho mapesi anali aafupi, ndipo eni mbuzi ndi ofuna nkhuni anawalimbirana. Ndinapeza ochepa.

ADamiyano anadutsa akuchokera ku maliro. Anaima panjira, osalowa. "Achemwali, musaiwale mawu athu. Ikayandikira mvula, theka linalo."

"Sindinaiwale."

"Takondwa akuti wayamba kunenepa masaya," anatero akuyang'ana kumbali. Kenako anavala chipewa napita.

Ogasiti

Mu Juni ndi Julayi kunagwa kachiperoni pang'ono, kamvula kozizira kaja kongonyowetsa mapewa. Kenako kunabwera mphepo ndi fumbi. Nsenjere zanga zinatopa. Ndinali nditazidula zazing'ono kambirimbiri, ndipo tsopano zinkangotulutsa timasamba touma kunsonga, tofika m'kakolo. Mapesi anatha. Ndinagwetsa nthochi zanga imodzi imodzi n'kuwaza makungwa ake, nazonso zinatha. Ndinkayenda m'mbali mwa msewu ndi thumba, kutola chilichonse chobiriwira, koma msana wa munthu wachikulire uli ndi malire.

Mitala anayamba kuoneka nthiti. Mafupa a m'chiuno anatuluka moti ukanakolekapo chitenje. Ankati akandiona ndikubwera ndi kathumba kosadzaza, ankalira kamodzi kokha, motsitsa. Mkaka unatsika. Wa kabaza anasiya kubwera. Kapoto kabuluu kanayamba kupita theka, kenako kongophimba pansi. Tsiku lina ndinakama n'kupeza kuti ndikangotenga, kamwana ka ng'ombe kagona ndi njala. Kapoto sikanapite.

Tsiku lomwelo Che Amidu anafika. Sananene kuti ndinakuuzani. Anayang'ana ng'ombe, nayang'ana ine.

"Mama, masabata awiri akubwerawa igona pansi. Ikagona siidzukanso, ndipo ine yofa yokha sindigwira. Musaizunze."

Ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndinati, "Bwerani mkuja. Mawa ndikhale nayo."

Atapita ndinatunga madzi n'kumusambitsa Mitala, ngati mmene aLuwisi ankachitira Loweruka. Ndinamuchotsa nkhupakupa m'makutu. Ndinamuuza kuti, "Mnzanga, ndayesetsa. Ukakawapeza uwauze kuti udzu unachepa." Ndinakhala pa chitsa cha mango mpaka dzuwa kulowa. Ndinaganiza za khola lopanda kanthu, ndi mmene kudzakhalire kukacha popanda wondiitana. Amuna anga anawanyamula pa galimoto. Uyu adzapita wapansi, pa chingwe.

Kutacha ndinamva mtolo ukugwa kuseri: phu! Ndinatuluka. Pakhomo pa khola panali nsenjere zobiriwira, zazitali kuposa munthu, zonenepa ngati nzimbe. Pambali pake panaima Vero, thukuta lili noninoni, m'mikono muli magazi a minga.

"Udzu wanuwu ndi wamakani ngati eni ake," anatero.

"Wautenga kuti?"

"M'chigwembe. Ndinatsikamo dzulo kufuna nkhuni. Zitsa zija ndinataya zija, amayi, zonse zagwira! Dothi limene madzi ankakokolola m'munda latsakamira pamenepo, pansi pake n'ponyowa mpaka pano. Zadzaza kuyambira kumunda mpaka kokhota kuja. Ndinavutika mwezi wathunthu kuzipha, izo kumakandiseka kumunsi."

Mitala anali atatulutsa kale khosi pakati pa mitengo ya khola. Ndinafuna kunena zinthu zambiri, koma chimene chinatuluka ndi ichi: "Wadula bwanji? Wasiya chitsa?"

Vero anagwira m'chiuno. "Iii, amayi aang'ono! Ndatsika m'dzenje la njoka, ndakwera ndi mtolo pamutu, thupi lonse likuyabwa, inu zikomo wanu ndi chitsa?"

"Ukametera pansi sizimeranso bwino."

"Ndametera pansi. Ndimadziwa bwanji? Kodi ku Bangwe kuli sukulu ya udzu?"

Tinayang'anana, kenako tinaseka. Kuseka kwanga kunatuluka ngati chitseko cha dzimbiri, poti panali patapita miyezi. Ndinatenga chikwanje n'kuyamba kuwaza. Iye anakhala pansi n'kumandipatsira mmodzi mmodzi.

Patapita kanthawi anati, "Musaganize kuti ndayamba kuikonda ng'ombe yanuyi. Takondwa dzulo wakhala pakhonde mpaka madzulo kudikira kapoto."

"Ndamva."

"Mawa mundionetse pa udzu wa kumtundawu mmene amadulira. Kumunsi kuja inu simungatsike."

Che Amidu anabwera tsiku lake, chingwe chili paphewa. Anapeza Mitala mutu uli m'chodyera, Vero akutsitsa mtolo wina. Anatola tsinde limodzi, naliyang'ana uku ndi uku.

"Udzu wa Febuluwale mu Ogasiti? Mama, mwapita kwa sing'anga uti?"

"Pepani, Che Amidu, mwayenda ulendo wachabe."

"Wachabe ayi," anatero akuseka. "Ndaona kamphongo ako. Kakakula mudzandikumbukire."

Novembala

Udzu wa m'chigwembe unatifikitsa ku mvula. Sikuti Mitala ananenepa, ayi, koma anaima, ndipo kapoto kanayambanso kuyenda. Tsopano Vero ankabwera nako yekha, osabisala.

Mitambo itayamba kusonkhana, aDamiyano anabwera monga ananenera. Tinaima atatu m'malire a theka lotsala lija. Zitsa zinali mbuu, zotopa, koma zamoyo.

"Mawu ndi mawu," anatero. "Vero, kuyambira lero munda wonse ndi wako. Achemwali, mwamva?"

"Ndamva," ndinatero. Mtima unawawa ndithu, sindibisa. Munda umenewo anandipatsa ndi mayi anga.

"Ndiye upeze amuna awiri akuthandize kuzula, mvula isanakupeze."

Vero anati, "Atsibweni, mwati munda ndi wanga?"

"Ndatero."

"Ndiye zomera m'menemo nazonso ndi zanga. Asazikhudze munthu."

ADamiyano anatsegula pakamwa. "Iwenso? Ukufuna anthu azinena kuti mbumba ya Damiyano ili ndi tsala pakati pa mudzi?"

"Akanena muziwatuma kwa ine, ndidzawapatse chikwakwa aone ngati tsala limatopetsa chonchi."

Anavula chipewa, nakanda mutu. "Matenda a alamu anga ndi opatsirana," anatero. Koma popita anafunsa ngati kungapezeke kamkaka ka tiyi.

Mvula itagwa, Vero anabzala chimanga m'theka lake monga kale, poti munthu sadya udzu. Koma anafuna mzere wa nsenjere kumapeto a munda kuti dothi lisathawirenso m'chigwembe, ndi wina kuzungulira bwalo la nyumba yake, kumene madzi ankakumba maziko. Ndinamuonetsa mmene aLuwisi anandionetsera. Umasankha tsinde lokhwima, umadula kamtengo ka mfundo zitatu. Ziwiri zilowe m'dothi, imodzi itsale kunja, mopendeketsa. Pa mfundo iliyonse pali kadiso pophukira, ndipo kayenera kuloza kumwamba. Ukazondotsa, wabzala nkhuni. Lero mukadutsa pa nyumba ya Vero muona mpanda wobiriwira umene umawerama mphepo ikawomba. Anthu amapempha mbewu, ndipo ena mwa iwo ndi omwe ankatseka pakamwa ku mjigo. Timawapatsa. Yonse ndi ya mtolo umodzi uja unabwera pa kaliyala.

Munda si wanganso. Ana anga sanabwerere, ndipo madzulo ndimakhalabe pa chitsa cha mango ndi Mitala, tonse awiri mano akutha.

Mwezi wa Novembala ife Akatolika timakumbukira akufa. Anthu amatenga makasu kupita kumanda kukalambula pa abale awo, ansembe n'kudzawaza madzi odalitsa. Chaka chimenecho ndinaona anzanga akudutsa ndi makasu awo, ndipo ndinaganiza za ku Phalombe, kumene sindikanatha kufika. Ndinatenga khasu langa, n'kutsikira ku nsenjere za kumtunda zija, n'kuyamba kupalira kuzungulira chitsa chilichonse ndi kuthira ndowe.

Ndili pa mzere wachiwiri ndinamva khasu lina kumbuyo kwanga. Sindinatembenuke.

"Kumanda kwa mayi ako wapita?" ndinafunsa.

"Ndachokera konko," anatero Vero. "Ndati ndidzamalize kwa bambo aang'ono."